Chigubu cha Lachisanu

Chelstone, Loweruka masana

Zelipa mwana wanga, iwe wotenga dzina la amayi anga,

Ndakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba, pa mpando uja umati ndiutaye. Iwe ndi amayi ako mwapita ku msika wa Soweto kukagula mapoto ndi bulangeti, ndipo ndikudziwa kuti simubwera msanga, chifukwa amayi ako sagula poto asanagogode mapoto a msika wonse. Ndiye ndapeza mpata. Mawa tikakuperekeza ku Intercity, onyamula katundu ndi oitanira mabasi sadzalola kuti munthu amalize mawu, ndiponso ine pakamwa pamandilemera. Dzanja ndilo limandimverako.

Lachitatu ndinayesa kukulangiza, unandidula ndi kuseka. "Dadi, vonse ivo tinaphunzila ku koleji. Nili na satifiketi ya sefite." Ndinaseka nawe, chifukwa ndi zoona, uli nayo satifiketi ya za chitetezo pa ntchito, ndipo ndimanyadira. Koma Lolemba ukalowa m'fakitale ya ku Ndola ija, ukakumana ndi asidi yemweyo amene ine ndinakalamba naye kuno ku Lusaka. Iwe wamuwerenga m'buku. Ine ndinkadya naye mpweya umodzi. Ndilole ndikuuze za iye monga munthu auzira mwana wake za wachibale wovuta.

Inu ophunzira mumati asidi wa propiyoniki. Ife tinkangoti Chathukuta, chifukwa fungo lake ndi la malaya a munthu amene wayenda pansi kuchokera m'tauni mpaka ku Woodlands mwezi wa Okutobala. Tinkamuthira pang'onopang'ono m'thanki ya laimu, thankiyo n'kuyamba kufunda, mapeto ake n'kutuluka ufa woyera umene ophika buledi amaika mu mtanda kuti buledi asachite chuku. Ufawo ndi wofatsa, anthu amadya tsiku lililonse osadziwa. Koma asidiyo asanakumane ndi laimu ndi chilombo. Choipitsitsa n'chakuti amaoneka ngati madzi. Utamuthira m'kapu n'kuika pa tebulo, mlendo waludzu angakuthokoze.

Ndisanagwire cholemberachi ndinaodzera pang'ono, ukudziwa mmene mphepo ya pansi pa mtengowu imachitira. Ndalota ndikuyenda mu msewu wa ku Kabulonga, mitengo ya jakaranda itayala maluwa ake pansi, ine ndili wosavala nsapato. Kunali fungo la mvula yoyamba pa fumbi. Kenaka kunabwera fungo la buledi wotentha, lochokera kuseri kwa mpanda wina, ndipo ndinalitsatira ngati galu, mpanda ndi mpanda, osafika. Ndadzidzimuka peyala litagwa pa malata a bafa. Ndinakoka mpweya, kulibe chilichonse. Mphuno yanga imagwira ntchito m'maloto mokha, mwana wanga, ndipo n'chifukwa chake ndimakonda kugona masana. Amayi ako amati ndi ulesi.

Mlungu wanga woyamba pa ntchito anandipatsa magalasi oteteza maso. Kunkatentha, magalasiwo ankachita nthunzi, ndiye ndinawakweza pachipumi monga ankachitira anzanga onse. Ba Mwape, kapitawo wathu wochokera ku Luapula, ankati ndife anthu a maso anayi, awiri oonera ntchito, awiri oyang'ana kumwamba ngati Yesu akubwera. Tsiku lina nditazimitsa pampu ndinamasula paipi, ndikuganiza kuti mulibe kanthu. Kadontho kamodzi kokha kanalumpha n'kundipeza m'kona mwa diso. Sindinamvepo moto wotere. Ba Mwape anandigwira pakhosi ngati mbuzi, n'kundiponya pansi pa mpopi, chala chawo chitakanula chikope changa. "Segula linso iwe mwaiche! Usatikite!" Ndinkati kwatha, ndisiyeni, iwo osandisiya, mpaka madzi anadzaza m'magambuti mwanga. Diso ili ndikulembera nalo leroli ndi mphatso ya ba Mwape. Ndiye imva, Zelipa: paipi imasunga asidi ngakhale pampu itazima. Magalasi akhale pamaso, chishango cha kumaso pamwamba pake. Magolovesi akhale a labala amene alembedwa pa pepala la asidiyo, osati a nsalu, chifukwa nsalu imamwa asidi n'kumugoneka pakhungu lako. Usanawavale uwafufumitse ndi mpweya, umve ngati akutuluka penapake.

Panali shawa yangozi pakona ya chipinda cha mathanki, ya tcheni chokoka. Kwa ife inali pokolekapo maovolosi ndi matumba a nkhomaliro. Chaka chonse palibe anaikoka. Tsiku limene tinaiyesa, chifukwa kunkabwera oyendera, inatsokomola katatu ngati nkhalamba, n'kulavula dzimbiri lodzaza supuni, n'kukhala chete. Tinaseka mpaka misozi. Ba Mwape okha sanaseke. Atakonzetsa shawayo anatiyika pamzere, aliyense atseke maso, ayende kuchokera pa thanki mpaka agwire tcheni. "Siku izakugwela suzaona njila," anatero. Kwa ine anali mapazi khumi ndi anayi, kenaka kukhotera kumanja. Mpaka lero ndimawayenda m'tulo mapazi amenewo, ndipo nthawi zina ndikakoka tcheni kumagwa maluwa a jakaranda m'malo mwa madzi. Iwe ukafika Lolemba, usanafunse kumene amadyera, funsa kumene kuli shawa ndi kotsukira maso. Ukoke wekha, uone madzi ndi maso ako. Uwerenge mapazi ako. Akakuseka kuti mtsikana wa ku Lusaka ndi wamantha, aseke.

Asidi akakugwera, mankhwala ake ndi madzi, madzi ambiri, madzi a nthawi yaitali. Mphindi khumi ndi zisanu ndiye poyambira, ndipo zimatalika ngati ulaliki wa tsiku la zopereka, koma uime pomwepo. Chovala chimene chanyowa uvule madzi akuthira, manyazi uwasiye pakhomo. Usathire soda pakhungu poganiza kuti uphe asidi, ungowonjezera moto. Munthu akamumeza usamusanzitse, chifukwa chimene chawotcha polowa chiwotchanso potuluka. Achukuche m'kamwa, muthamange naye kuchipatala mutanyamula dzina la asidiyo. Ndipo usaiwale kuti Chathukuta amayaka. Migolo isakhale padzuwa, ndipo wa ndudu kapena wowotcherera zitsulo asayandikire, ngakhale akhale bwana wovala tayi.

Tsopano za mphuno. Wobwera kumene akalowa m'chipinda cha mathanki ankalira misozi, kutsokomola, kuthawira panja. Ife akale tinkamuseka. Mawu otamanda munthu kumeneko anali akuti, wazolowera. Ine ndinazolowera msanga kuposa onse, ndipo ndinkanyada nazo. Chophimba kumphuno chija cha zosefera mpweya ndinkachipachika pa msomali. Fani yotulutsa mpweya woipa ikafa sindinkapita kukanena, ndinkati amuna sadandaula ndi kafungo. Mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka, Chathukuta analeka kundinunkhira. Ndinkayesa ndamugonjetsa. Sindinaone kuti wapita ndi buledi, wapita ndi mvula, wapita ndi sopo wa amayi ako. Ndinadziwa tsiku limene unabwera kunyumba kuchokera kuchipatala, uli ndi masiku atatu. Azimayi ankapatsirana iwe, aliyense akuika mphuno pamutu pako, akuti kakununkhira mkaka. Atandipatsa ndinaika mphuno yanga paliwombo pako, n'kukoka mpweya wonse. Kunalibe kanthu. Ndinamwetulira n'kunena kuti eya, kakununkhira. Limenelo ndi bodza loyamba limene ndinanena pa iwe. Usakhulupirire mphuno yako, mwana wanga. Tsiku limene udzaleke kumva fungo la asidi, usadzati fungo latha. Udzatuluke panja, udzafunse ngati fani ikuzungulira.

Ndaima kaye, ndapita kukamwa madzi, ndabwerera. Ndasesanso masamba amene sanafunike kusesedwa. Zonse ndalemba pamwambazi ukanazipeza m'mabuku ako. Chimene chatsalachi mulibe m'buku lililonse, ndipo ndicho chandikhazika pa mpando uno.

Pinda mkono wa malaya ako wakumanzere. Yang'ana chipsera chija, chozungulira dzanja ngati chibangili, chosalala ngati pepala. Unakula ukudziwa kuti ndi tiyi. Tinakuuza kuti uli ndi zaka ziwiri unakoka kapu ya tiyi pa tebulo. Azakhali ako amadziwa choncho, a ku tchalitchi amadziwa choncho. Si tiyi, Zelipa.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Kabwata, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Chinali chilimwe chouma, mipopi inkangolira mpweya. Madzi ankabwera m'mawa pang'ono, n'kusowa tsiku lonse, ndipo munthu wokhala ndi zigubu zambiri ndiye anali mfumu. Ku fakitale asidi wina ankabwera m'zigubu za buluu za malita makumi awiri, zolimba, zokongola, za chotsekera chabwino. Lamulo linkati chigubu chikatha chitsukidwe katatu, chibooledwe pansi, chipite kotayira. Koma ndani angaboole chigubu chotero mkazi wake akutunga madzi m'mapoto? Tinapangana tokha kuti Lachisanu lililonse munthu mmodzi azitenga chimodzi, mosinthana. Mlonda wa pageti Lachisanu ankakonda kuyang'ana mitambo.

Linafika Lachisanu langa. Belu linali litalira, ndinkathamangira minibasi. Ndinanyamula chigubu, chinali chopepuka. Ndinatsegula, n'kuika mphuno pakamwa pake. Ine, munthu amene mphuno inafa kale! Sindinamve kanthu, ndiye ndinati n'choyera. Ba Mwape anandiona ndikutuluka.

"Iwe Phiri, wasuka icho chigubu? Katatu?"

"Nasuka, ba Mwape."

Akuluakulu amati tsoka silinunkha. Langa linanunkha minibasi yonse. Tisanafike n'komwe pa Kamwala, mayi wina anali atatseka mphuno ndi chitenje. "Imwe ba kondakita, nichani chinunkha so? Segulani mawindo, tizafa!" Kondakitala anati wonyamula zowola atsike. Ine ndinatembenuka pamodzi ndi anthu onse kufunafuna wolakwayo, chigubu chili pakati pa miyendo yanga. Ndinayang'ana moipidwa bambo wina wonyamula thumba la kapenta. Mulungu anandichenjeza ndi pakamwa pa anthu odzaza minibasi, ine n'kumayang'ana wa kapenta.

Nditafika kunyumba dzuwa linali lisanalowe. Amayi ako anali atapita ndi ndowa kutsidya kwa msewu, kumene anamva kuti madzi akutuluka, atakusiya kwa bana Bwalya, mayi wa nyumba yoyandikana nafe. Utandiona unathamanga. Unali utavala kadilesi kachikasu ka manja aatali, kokhala ndi lasitiki m'mikono. Ndinaika chigubu pakhomo, chotsekera ndisanachimange bwino chichokereni kununkhiza kuja, n'kulowa kukavula nsapato. Iwe unkakonda kuimba ng'oma pa chilichonse. Ndinamva du du du, ndikumwetulira m'chipinda. Kenaka chigubu chinagwa. Munali motsala pang'ono pokha, mosakwana kapu. Kulira kumene unalira sindinakumvenso kwa mwana wina aliyense.

Apa ndi pamene ndimafuna umvetsetse. Ine ndinkadziwa zonse. Ndinali nditagonekedwapo pansi pa mpopi, ndinkadziwa mapazi khumi ndi anayi. Koma kunyumba kunalibe shawa, kunalibe ba Mwape, ndipo mutu wanga unauluka. Ndinathamangira pa mpopi, unangolira mpweya. Anthu anadzaza pabwalo, aliyense ndi mankhwala ake. "Mupakeni mankhwala ya mumeno!" "Pwanyani dzila!" "Mafuta yophikila!" Ine ndinaima pakati, iwe uli m'manja, ndikukupukuta ndi mpango pamwamba pa dilesi, kumene kunali kukanikizira asidi pakhungu. Amene anakupulumutsa ndi bana Bwalya, mayi wogulitsa tomato amene sanalowepo m'fakitale. Anangomva fungo n'kudziwa kuti si moto wamba.

"Chokani imwe! Manzi chabe! Muvuleni dilesi!"

Anang'amba kadilesiko ndi mano, n'kukugwira pamwamba pa mgolo wawo, madzi amene anatunga kuyambira m'mawa a banja la anthu asanu ndi awiri. Anathira ndi jagi, kuthira, kuthira, mpaka pansi pa mgolo panaoneka, kenaka anaitanitsa ndowa za nyumba zina. Tsiku limenelo mzere wonse wa nyumba unagona osasamba. Pamene panathiridwa msanga panapola osasiya chizindikiro. Pamene lasitiki inagwira nsalu yonyowa, nthawi imene ine ndinkazungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu, ndi pamene pali chibangili chakocho.

Kuchipatala anandifunsa chimene chachitika. Ndinaganiza za ntchito, za mlonda, za ba Mwape amene ndinawanamiza, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu akuti tiyi. Namwino anaweramira pa dzanja lako, n'kundiyang'ana. "Ba tate, tiyi siinunkha so. Nikambileni zoona nimuthandize mwana." Ndinamuuza chapansipansi, ndipo anakuthandiza moyenera. Koma titatuluka pageti la chipatala, tiyi uja anabwerera, n'kukhala nafe zaka zonsezi. Amayi ako anadziwa asanalowe n'komwe m'nyumba, mphuno yawo ndi yamoyo. Sanandilalatire, ndipo kukanakhala bwino akanatero. Anangoti, "Bashi Zelipa, ine sinizakamba. Koma siku lina muzamuuza mweka." Lachinayi lapitali, akupinda zovala zako, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Lija siku lafika."

Lolemba lotsatira ndinapita kwa ba Mwape n'kuwauza zonse. Anatenga chitsulo chosongoka, n'kundipatsa, n'kundilozera mulu wa zigubu. Ndinaboola chimodzichimodzi anzanga akuyang'ana, ena akutukwana chamumtima chifukwa Lachisanu lawo linali lisanafike. Mwambo wa Lachisanu unathera pomwepo. Koma chifukwa chake chenicheni anachidziwa ndi ba Mwape okha, ena ndinawasiya aziganiza kuti ndagula mtima wa mabwana. Apanso ndinalakwa. Ndikanawauza, bwenzi atapita nayo nkhaniyo ku mafakitale ena kumene anakagwira ntchito pambuyo pake.

Ndiye mwambo wanga waukulu ndi uwu, ndipo ukaiwala ena onse usunge uwu wokha: chigubu chopanda kanthu kulibe. Chimene munakhala asidi ndi cha asidi mpaka chibooledwe. Kupepuka si umboni, mphuno si umboni. Usathire asidi m'botolo la madzi kapena la chakumwa ngakhale kwa mphindi imodzi, ndipo chilichonse chimene wathiramo uchilembe dzina usanachiike pansi. Ovolosi ya ku ntchito isalowe m'nyumba, isachapidwe pamodzi ndi zovala za ana. Cha ku fakitale chitsale ku fakitale.

Ku Ndola nakonso madzi amavuta nthawi zina, ndipo zigubu za buluu zikadali zokongola. Iwe ukakhala woyang'anira, wovala chikhoti choyera. Tsiku lina adzabwera kwa iwe bambo waulemu, wa msinkhu wanga, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti, ba madamu, kamodzi chabe, nasuka kale. Adzakhala munthu wabwino, wokonda ana ake, ndipo mtima wako udzafewa chifukwa unatengera amayi ako. Usadzamuwerengere lamulo, lamulo amalidziwa, inenso ndinkalidziwa. Udzapinde mkono wa malaya. Udzamuonetse, n'kumuuza kuti anachita izi ndi bambo anga, munthu wabwino ngati inu, amene ananunkhiza chigubu n'kunena kuti n'choyera. Ndakupatsa chilolezo. Dzina langa uligwiritse ntchito mmene ungafunire, lakhala likubisala nthawi yaitali.

Sindikudziwa ngati udzandikwiyira. Ukakwiya uli ndi ufulu, ndipo foni yanga ikakhala chete mwezi wonse ndidzamvetsa. Ndikupepesa, mwana wanga. Ndikupepesa chifukwa cha dzanja, ndipo koposa ndikupepesa chifukwa cha bodza. Kalatayi ndiika m'thumba la chikhoti chako choyera, kuti uipeze uli kutali. Uku ndi kuchita mantha, ndikuvomera. Bambo ako analimba mtima pa fungo la asidi, pamene sipankafunika kulimba mtima, n'kuchita mantha pamaso pa mwana wawo.

Ndamva geti likulira, ndi mawu a amayi ako akukangana ndi wa takisi za kumene aimike. Mapoto apezeka. Posachedwa ulowa, uika ketulo pamoto monga umachitira, uthirira aliyense, kenaka utenga kapu yako ndi nsonga za zala, mkono utatambasula kutali ndi thupi. Uiika pawindo, uidikira mpaka izizire ngati madzi a mumtsuko, azing'ono ako akukuseka. Ndakuyang'ana ukuchita zimenezi zaka makumi awiri, tsiku lililonse, ndipo tsiku lililonse ndinkayang'ana kumbali.

Ukafika ku Ndola, m'mawa wa Lolemba usanapite ku ntchito, udziphikire tiyi. Ugwire kapu ndi manja onse awiri, uiyandikize kumaso, nthunzi ikukhudze. Umwe akadali wotentha. Tiyi sanakulakwirepo, Zelipa. Mantha amene unamusungira zaka zonsezi uwanyamule, upite nawo kuchipinda cha mathanki, kumeneko ndiko kwawo. Ndipo tsiku limene mtima wako udzalole kundiimbira, udzandiuzeko mmene tiyiyo amanunkhirira, ine ndinaiwala.

Yenda bwino, amayi anga. Mulungu akusungire maso, mphuno ndi manja onse awiri.

Ndine bambo ako.